Mabwato Atatu a Bambo Anga

Bambo anga anali ndi bwato limodzi lokha. Linali logoba pamtengo umodzi, lalitali, lodetsedwa ndi matope a m'nyanja ya Chilwa, ndipo chakutsogolo linali ndi mng'alu umene ankautseka ndi sanza ndi phula. Ndi bwato limenelo ankapita kukawonjola miono yawo m'mphepete mwa udzu wa m'madzi wotchedwa njedza, n'kubwerako ndi milamba ndi makumba, nthawi zina matemba odzaza dengu. Amayi ankayanika matembawo pathandala padoko la Kachulu, ndipo ine ndikaweruka kusukulu ndinkapita komweko kukawathandiza kutembenuza nsomba ndi kuingitsa akhwangwala.

Zinali zaka za m'ma 1950. Ndinali mu Sitandade 3 pasukulu ya mpingo ya m'mudzi mwathu, m'dera la Mwambo. Nyumba imene tinkaphunziramo ndi yomwe tinkapempheramo Lamulungu, yofolera udzu, ya mabenchi a dothi. Sukuluyo inkathera pa Sitandade 3 pomwepo. Wofuna kupitirira ankayenera kukalemba mayeso ku mishoni, chakufupi ndi msewu wa ku Zomba, kumene kunali makalasi apamwamba ndi nyumba yogona atsikana. Malo kumeneko anali ochepa, ndipo m'mudzi mwathu munali musanatulukepo mtsikana n'kupitako. Atsikana tinayamba ambiri, koma ena anakwatiwa, ena anamezedwa ndi ntchito yoingitsa mbalame m'minda ya mpunga, mwakuti chaka chimenecho ndinatsala ndekha pakati pa anyamata, ena a iwo atayamba kale kumera ndevu.

Aphunzitsi athu anali mnyamata wongochoka kumene kosulidwa. Kwawo kunali kumapiri, ndipo udzudzu wa kwathu ankauopa kuposa njoka. Ankavala kabudula wa kaki ndi masokosi ofika m'mawondo, ndipo anali ndi njinga ya belu lolira bwino. Sanali wokonda ndodo. Chimene ankakonda ndi Chingerezi, ndipo ankafunitsitsa kuti ana a asodzi achilankhule monga ana a makalaliki a ku Zomba.

Anayamba watiphunzitsa timawu tiwiri tating'ono, a ndi an. Anati Mngerezi akafuna kutchula chinthu chimodzi sangochitchula chabe monga timachitira ife, amayamba waika kamawu patsogolo pake. Buku ndi a book, dzira ndi an egg. Tinkabwereza zimenezi mokuwa mpaka amayi opita kuchitsime anayamba kutiyeseza akamadutsa. Zimenezi sizinandivute. Kenako anatiphunzitsa mawu ofotokoza zinthu, chachikulu, chaching'ono, chakale, chakuda, n'kutiuza kuti m'Chingerezi mawu oterewa amatsogola, dzina la chinthucho n'kubwera pambuyo. Tinaseka, chifukwa zinali ngati munthu woyenda chafutambuyo. Tsiku lina anatiuza kuti aliyense alembe pasileti chiganizo chimodzi chonena za chinthu cha kunyumba kwawo, chokhala ndi mawu ofotokoza atatu.

Ine ndinaganiza za bwato lathu. Ndinalemba mosamala, zilembo zoongoka bwino: My father has a long, an old, a black canoe. Nditamaliza ndinayang'ana anyamata akukanda mitu, ndipo mumtima ndinadzitama, chifukwa ndinali nditakumbukira kuika an patsogolo pa old, zimene ndinkadziwa kuti ambiri a iwo aziiwala.

Aphunzitsi anatenga sileti yanga, n'kuwerenga chamumtima, kenako anawerenga mokweza. Anandiyang'ana.

"Bambo ako ali ndi mabwato angati?"

"Limodzi, aphunzitsi."

"Nanga ena awiriwa wawatenga kuti? Apa pali bwato lalitali, pali lina lakale, pali linanso lakuda. Atatu."

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Aliyense ankalidziwa bwato la bambo anga, ndipo ankadziwanso kuti likakhala m'madzi munthu mmodzi amapalasa, wina amakapa madzi ndi chipanda. Aphunzitsi sanafune kundichititsa manyazi, ankangofuna kuti phunziro lilowe, ndipo ataona nkhope yanga anawaletsa anyamata aja. Koma zinali zitatuluka kale. Poweruka anyamata ankandiitana kuti wa mabwato atatu, ndipo dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika padoko.

Padoko la Kachulu nkhani sinkafa msanga. Asodzi akamasoka maukonde ankafuna choseketsa, ndiye anachipeza. Bambo anga akamakocheza, wina ankakuwa kuti achimwene, tibwerekeniko limodzi mwa atatu aja. Wina ankafunsa ngati awiriwo anawabisa ku chilumba cha Chisi kuopa abale. Bambo ankaseka nawo, n'kumayankha kuti ena aja ali kwa mmisiri, koma kunyumba sankaseka konse. Iwo sanapiteko kusukulu. Makolo awo anachokera kutsidya kwa nyanja, chakum'mawa, atasenza mikeka ndi makasu, ndipo chimene bambo ankasamala kwambiri ndi kuti asakhale choseketsa pakati pa anthu amene anawapeza. Ndinawamva akuuza amayi kuti mwina mwanayu waphunzira zokwanira, poti dzina lake amalemba, buku la nyimbo amawerenga, nanga Chingerezi chopangitsa anthu kuseka bambo ake n'chantchito yanji. Amayi sanatsutse, koma sanavomerenso. Anangoti tiona.

Ine ndinasiya kupita kusukulu. M'mawa ndinkatenga dengu n'kutsatira amayi padoko, ndipo iwo sanandikakamize. Ndinkaganiza kuti basi zathera pomwepo, ndipo chisoni chimene ndinali nacho mumtima ndinkachibisa ndi ntchito.

Patapita masiku, ndili pathandala, ndinamva belu la njinga. Aphunzitsi anatsika, mathalauza amene anavala tsiku limenelo ali matope okhaokha, n'kupereka moni kwa amayi mwaulemu. Anapempha kuti alankhule nane. Ndinagwada chapatali, maso pansi, ndikuyembekezera kukalipiridwa chifukwa chojomba. Iwo anakhala pa dengu lovundikira.

"Tandiuza, unkaganiza chiyani polemba zija? Sindikufunsa kuti ndikuseke. Ena onse analakwa mwa njira zina, iwe wekha ndiye unalakwa mwa mtundu umenewu, ndiye ndakhala ndikudzifunsa."

Ndinakweza maso. Kenako ndinanena zimene zinali mumtima mwanga.

"Ndimaona ngati a uja ndi la, aphunzitsi. Ife timati bwato lalitali, lakale, lakuda. Mawu aliwonse ali ndi la wake. Ndiye ndimati a Chingereziwo nawonso asakhale osavala."

Anatchula pang'onopang'ono, lalitali, lakale, lakuda, akuwerenga ndi zala. Kenako anaseka, koma kuseka kwa munthu amene wapeza chinthu chimene anachitaya. Anati kosulidwa kuja palibe anawauzapo zimenezi, ngakhale kuti Chinyanja akhala akuchilankhula chibadwire.

"Iwe sunalakwe chifukwa chosaganiza," anatero. "Unaganiza ndithu, koma unaganiza m'Chinyanja. Mawa ubwere, ukandithandize kuwauza anzako."

Ndinapita. Analemba pabolodi bwato lalitali, lakale, lakuda, n'kujambula mzere pansi pa la aliyense. Anauza kalasi kuti ndi ine ndinawaonetsa zimenezi. Anati Chinyanja n'chopatsa, aliyense wobwera chimamugawira la wake, koma Chingerezi n'choumira, chimapereka kamodzi kokha pakhomo, mawu onse otsatira n'kudyera pomwepo. Ukapatsa aliyense a wake, aliyense amadziona ngati mwini nyumba, ndiye bwato limodzi limasanduka atatu. Analemba a long, old, black canoe, n'kutiuza kuti tibwereze. Anyamata aja anabwereza osasekanso, chifukwa ataitanidwa mmodzimmodzi ku bolodi zinaoneka kuti ambiri sankadziwa n'komwe poika kamawuko. Dzina lija silinathe tsiku lomwelo, koma linasiya kuluma.

Ndinkayesa kuti ndatha nazo, osadziwa kuti dzenje lina linali patsogolo. Popeza kamawuko n'kamodzi, ndisankhe kati, a kapena an? Ine ndinkayang'ana mwini chiganizo, dzina la chinthu lija. Dzira ndi an egg, ndiye dzira lalikulu ndinkati an big egg. Bwato ndi a canoe, ndiye bwato lakale ndinkati a old canoe. Aphunzitsi anandiuza kangapo kuti kamawuko sikayang'ana kutali, kamangoona amene waima naye pafupi. Ngati woyandikana naye akuyamba ndi liwu lotsegula pakamwa, kamasanduka an, kaya dzina lili kumapetoko likuyamba bwanji. Ndikamalemba pasileti ndinkakhoza, chifukwa ndinkakhala ndi mpata woyang'ana. Koma ndikaimirira kuti ndilankhule, pakamwa pankathamanga patsogolo pa mutu. Ndipo aphunzitsi anali atatichenjeza kuti ku mishoni kuli mayeso a pakamwa, amene amafunsa ndi Asisitere achizungu, osati iwo.

Amene anandithandiza pamenepa ndi mnzanga wa padoko. Anali mtsikana wa msinkhu wanga, mwana wa bambo wina wa Chiyao wogula nsomba n'kukagulitsa ku Zomba panjinga. Thandala la amayi ake linali loyandikana ndi lathu. Kusukulu kwathu sankabwera, chifukwa bambo ake ankaopa kuti angakamubatize, ndiye ankapita ku madrasa, ndipo ankatha kunena pamtima mawu aatali a Chiarabu osapuma. Chingerezi sankachidziwa ngakhale liwu limodzi, koma ankakonda kundimva ndikuvutika nacho. Ankaloza chinthu n'kundiuza kuti ndichitchule, dengu, ukonde, galu wogona pansi pa thandala, ndiye n'kumawonjezera, lakale, long'ambika, lonunkha.

Tsiku lina analoza dengu la amayi ake n'kunena kuti lakale. Ine ndinati a old basket. Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ndinamufunsa chimene akuseka poti samva.

"Sindikumva, koma watsamwa. Wachita ngati munthu amene munga wa makumba wamuima pakhosi. Tanenanso."

Ndinanenanso, ndipo ndinamva ndekha kuti pakati pa a ndi old mawu akuduka, mpweya n'kuima. Nditati an old basket mawu anangotsetsereka. Aphunzitsi anali atanena zomwezi m'kalasi, koma ine ndinkazisunga m'maso, ndikuyang'ana zilembo. Tsiku limenelo zinatsikira kukhosi.

Kuyambira pamenepo anasandutsa zimenezi masewera. Ankanditchulira mawu ofotokoza atatu kapena anayi, ine n'kuwasanja m'Chingerezi, kenako n'kundiuza kuti yamba ndi lakale, tsopano yamba ndi lalikulu, tsopano bwerera ku lakale. Ndikatsamwa ankandigenda ndi temba louma. Masiku oyamba amayi ake ankamukalipira kuti akutha nsomba za malonda. Akhwangwala anatizolowera, ankatera pafupi ndi ife kudikira zogwa. Koma matemba ogendedwa ankachepa sabata ndi sabata, mpaka tsiku lina anakhala masana onse atagwira temba m'manja osapeza mpata woliponya, kenako analidya mokwiya.

Mayeso atayandikira, aphunzitsi anabweretsa zina zimene zinasokoneza kalasi yonse. Analemba an honest man, kenako a useful pot. Anyamata anadandaula kuti zimenezi zikuphwanya lamulo limene anatipatsa okha, poti honest akuyamba ndi h pamene useful akuyamba ndi u. Aphunzitsi anati lamulolo ndi la khutu, si la diso. H wa honest samveka, ndipo useful ukamutchula akuyamba ngati yu. Anyamata ankaloweza mawuwo limodzilimodzi ngati katekisimu. Ine sindinavutike. Ndinkangowatchula chamumtima n'kumva ngati pakhosi paima munga kapena ayi. Atatiyesa pakamwa sabata imeneyo, anyamata anayamba kugwa mmodzimmodzi n'kumakhala pansi, ndipo pomaliza ndinapezeka ndaima ndekha. Aphunzitsi anapitiriza kundiponyera mawu, hour, umbrella, uniform, akuwasakaniza ndi ofotokoza, mpaka anatopa okha.

Aphunzitsi anapita kukaonana ndi bambo kunyumba. Ndinali kuseri kwa nkhokwe, ndikumva zina, zina osamva. Bambo anafunsa ngati mwana wamkazi angathe kupikisana ndi ana a kumsewu, odziwa kuvala nsapato. Aphunzitsi anati sangalonjeze, koma ngati m'kalasi mwawo muli woti angathe, ndi ameneyu. Amayi anaikapo mawu amodzi okha, akuti ntchito ya pathandala aigwira okha. Bambo anandiitana.

"Pita ukayese, mwanangu. Koma ukanene zoona zokhazokha kumeneko. Azungu asakamve kuti ndine wolemera, angabwere kudzandikhometsa msonkho wa mabwato."

Aka kanali koyamba kuti iwo aseke za nkhaniyo kunyumba.

Tinanyamuka kukucha, aphunzitsi, anyamata angapo ndi ine. Aphunzitsi ankakankha njinga itanyamula kamba wathu. Tinadutsa m'minda ya mpunga wokolola kale, kenako m'minda ya chimanga, nyanja n'kutsalira kumbuyo, phiri la Zomba likukula patsogolo pathu. Ndinavala diresi langa la kutchalitchi, mapazi opanda nsapato. Titafika ndinaona nyumba za njerwa zofolera malata, ndi ana ambirimbiri ochokera m'masukulu ena, atsikana ena atavala nsapato zoyera. Mmodzi anandinunkhiza n'kusuntha pang'ono. Sindinamuimbe mlandu, utsi wa nsomba unali utalowerera m'nsalu zathu zonse.

Masamu ndi Chinyanja tinalemba papepala, ndipo cholembera cha inki chinandivuta kugwira. Masana ndiye anatiitana ku Chingerezi cha pakamwa, timagulu ta anthu ochepa, kukhala pabenchi limodzi. Kutsogolo kunali Asisitere achizungu okalamba, a magalasi okhuthala, nkhope yofiira ndi dzuwa. Aphunzitsi a m'masukulu osiyanasiyana sankaloledwa kulowa, ndiye anaima panja pansi pa mtengo wa mango, ena akusuzumira pazenera.

Asisitere anatenga ambulera yawo imene inali itatsamira khoma, yakuda, yothothoka, nthiti imodzi itatuluka, n'kuiika patebulo. Anafunsa mnyamata woyamba kuti ichi n'chiyani, ndipo iye anayankha bwino kuti an umbrella. Anauza wachiwiri kuti awonjezere black. Anati an black umbrella. Wachitatu, mtsikana wa nsapato zoyera uja, anapatsidwa old ndi black, ndipo anati a old black umbrella. Ndinamva munga uja pakhosi panga ngati ndanena ndine. Asisitere sankaonetsa kanthu pankhope, ankangolemba. Kenako anafika pa ine.

Ndinaimirira. Ndinati, "It is an old black umbrella, Sister."

Anakweza maso pamwamba pa magalasi. Anandiuza kuti ndiike big patsogolo. Ndinati a big old black umbrella. Anati chotsa big, ika useful. Ndinati a useful old black umbrella. Pamenepo mantha anali atandichoka, chifukwa zinali zomwe zija za pathandala, kungosiyana kuti uyu analibe temba m'manja. Kenako Asisitere anati ugly. Liwulo ndinkalidziwa, limatanthauza chonyansa, ndipo ndinazengereza, osati chifukwa cha kamawu kaja koma chifukwa cha ulemu, poti ambulera inali yawo. Anandigwedezera mutu kuti ndinene. Ndinati an ugly old black umbrella. Anaseka, n'kuiyang'ana ambulera ija, n'kunena m'Chinyanja chawo chopotoka kuti mwanayu sakunama.

Ndinkayesa kuti atha nane, koma anadzuka n'kupita pabolodi. Analemba ziganizo ziwiri, china pansi pa chinzake. Choyamba chinali The man has a black and white goat. Chachiwiri chinali The man has a black and a white goat. Anatembenukira kwa tonse n'kufunsa ngati ziwirizi zikunena zofanana. Mnyamata woyamba anati n'zofanana. Wachiwiri anayang'anitsitsa n'kunena kuti chachiwiri n'cholakwika, a wachuluka. Ena anagwirizana naye. Asisitere anandiyang'ana ine.

Ine ndinali nditaona kale asanamalize n'kulemba komwe. Chinthu chimene anandiseka nacho mudzi wonse chinali pabolodi, cholembedwa ndi dzanja la mzungu, chikundidikira. Chingerezi changa chinali chochepa kuti ndifotokoze bwino, ndiye ndinanena mwachidule.

"Number one, one goat, Sister. Number two, two goats."

Anandiuza kuti ndifotokoze m'Chinyanja kuti anzanga amve. Ndinatembenuka, n'kuwauza kuti woyambayo ali ndi mbuzi imodzi ya mawanga akuda ndi oyera, chifukwa a ndi mmodzi ndipo mawu onse akudyera pa iye. Wachiwiriyo ali ndi mbuzi yakuda, ndi inanso yoyera, chifukwa a akabweranso ndiye kuti kwabwera chinthu china. Mawu anga anamveka m'chipinda monse, ndipo ndinadabwa kuti ndi anga. Asisitere anafunsa sukulu imene ndachokera. Nditatchula, anabwereza kuti ku Kachulu, kunyanja, ngati sakukhulupirira. Anafunsa amene amandiphunzitsa. Ndinaloza pazenera. Aphunzitsi anali pomwepo, atagwira chipewa chawo pachifuwa ndi manja onse awiri, ndipo ataona kuti Asisitere akuwayang'ana anabwerera m'mbuyo mpaka kuponda mnzawo.

Tinauyamba ulendo wobwerera kwathu. Aphunzitsi anandiuza kuti ndikwere pa kaliyala, anyamata aziyenda, ndipo panalibe anadandaula. Mmodzi wa anyamata a ndevu aja, amene ankatsogolera kundiseka, ndi amene anafotokozera anthu oyamba amene tinakumana nawo m'mudzi kuti mtsikanayu waseketsa mzungu.

Zotsatira zinachedwa. Mpunga unapunthidwa, mphepo ya mwera inayamba kuvundula nyanja, ndipo ine ndinkangogwira ntchito pathandala osafunsa. Tsiku lina chakumasana, asodzi atangokocheza, tinamva belu la njinga likulira kuchokera kutali, osaleka. Aphunzitsi anatulukira akupalasa pakati pa mathandala, kumene anthu ankatsika njinga n'kumakankha, nkhuku ndi agalu zikuthawa. Sanabwere kwa ine. Analunjika kumene bambo ankatsitsa miono m'bwato, pakati pa asodzi anzawo, n'kutsika, n'kuvula chipewa.

"Bambo, mwana wanu wakhoza. Amutenga. Ndipo pa Chingerezi palibe amene wamuposa, mnyamata kapena mtsikana."

Amayi ndi amene anayamba nthungululu. Amayi a mnzanga uja analandira, kenako thandala ndi thandala, Akhristu ndi Asilamu omwe, mpaka ogula nsomba amene sankadziwa n'komwe chimene chachitika anaima n'kumafunsa ngati kwabadwa mwana. Ufa wothira m'mutu panalibe, ndiye mnzanga anatapa matemba ouma ndi manja awiri n'kundikhuthulira pamutu, amayi ake osamukalipira. Amayi anavina atamanga chitenje m'chiuno, fumbi la mamba likuuluka. Bambo anaima m'madzi ofika m'akakolo, mono uli m'manja, osadziwa pouika. Asodzi amene ankawaseka aja ankabwera mmodzimmodzi kudzawagwira chanza. Mkulu wina wa Chiyao, mwini maukonde, anasankha mlamba waukulu kuposa yonse m'bwato lake n'kundipatsa, akunena kuti mwana wa padoko akapambana ndiye kuti tapambana tonse. Ndinaunyamula ndi manja awiri, mchira ukukokeka pansi, anthu akundipatsa njira.

Nthawi yopita itakwana, amayi anandisoketsera madiresi awiri kwa telala wa padoko, n'kundimangira mkeka, bulangeti ndi phukusi la makumba owamba bwino. Mnzanga anandiperekeza mpaka pamene minda ya mpunga inkathera. Sanalire. Anangondiuza kuti ndikadzabwera pa holide ndidzamubweretsere mawu atsopano, chifukwa akalewo anali atamukwana. Chaka chotsatira anakwatiwa ndi msodzi wa ku Chisi, ndipo tinkaonana mwa apo ndi apo akabwera ndi nsomba.

Bambo anandiperekeza okha mpaka ku mishoni, katundu ali pamutu pawo, chinthu chimene amuna a kwathu sankachita. Pachipata anatsitsa katunduyo, n'kukana kulowa, akuti mapazi awo ndi amatope. Anandiuza kuti ndizimvera, ndizipemphera, ndipo ndisamachite manyazi kunena kwathu. Kenako anatembenuka n'kumapita, osacheuka, akuyenda mwachangu kuti dzuwa lisawalowere m'njira.

M'nyumba yogona, atsikana a kumapiri anayamba kugwira mphuno, akufunsana kuti chikununkhacho n'chiyani. Ndinamasula phukusi lija pakati pa chipinda n'kunena kuti ndi makumba a ku Kachulu, wofuna atenge. Anayang'anana. Woyamba kutambasula dzanja anali mtsikana wa nsapato zoyera uja, amene nayenso anakhoza. Chakudya chamadzulo chinali ndi nyemba zopanda mchere wokwanira, ndiye pasanapite nthawi onse anali atandizungulira, akunyambita zala, akundifunsa ngati n'zoona kuti m'nyanja yathu munthu amatha kuima pakati madzi n'kumulekeza m'chifuwa. Ndinawafotokozera mpaka belu la mapemphero linalira. M'mawa mwake ndinakhala koyamba pa desiki la matabwa, mzere wakutsogolo, pafupi ndi zenera.